Mtundu wa penti sasankhira pafoni

Nyumba yathu tidayamba kuimanga mu 2013 pa puloti yomwe tidagula kunja pang'ono kwa mzinda wa Lilongwe. Tidalowamo mu 2021 isadathe, chifukwa lendi idali itatifika m'khosi. Kwa zaka zitatu tidakhala m'makoma a pulasitala wotuwa, tikumauzana kuti za penti tidzaziona mawa. Mawa limenelo lidafika mu Ogasiti 2024, mwana wathu woyamba, yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg, atatiuza kuti chinkhoswe chake chidzachitikira pakhomo pano mu Okutobala. Adatumiza ndalama n'kunena kuti, "Adadi, apongozi anga asadzapeze nyumba ikuoneka ngati mosungira feteleza."

Ndati ndigawaneko ndi awerengi anzanga zomwe zidatsatira, chifukwa ndikudziwa kuti alipo ambiri amene akumanga pang'onopang'ono ngati ife, ndipo tsiku lina adzaima pakauntala ya shopu atagwira timakadi tiwiri tooneka tofanana. Ife timakadi totere tidatsala pang'ono kutiyambanitsa m'banja komanso kutitayitsa ndalama zomwe sitikadazipezanso.

Loweruka lina tidapita ndi mayi a kunyumba kumashopu a zipangizo zomangira a mumsewu wa Malangalanga. Zoti penti adzakhala wachikasu tidagwirizana kalekale. Woyera sachedwa kuda ndi fumbi lofiira la kuno, pomwe wobiriwira amayi amati amawakumbutsa kuchipatala. Wogulitsa adatiyalira timakadi ta mitundu, ndipo ta chikasu tokha tidalipo tambirimbiri. Amayi adaloza kamodzi, chikasu chofatsa chonga majarini. Pafupi pake padali kena kowalirapo pang'ono, konga khungu la nthochi yomwe yangopsa kumene, kubiriwira kusadatheretu. Kuchokera tsiku limenelo tidangowatcha wa majarini ndi wa nthochi.

Ine ndidajambula timakadi tonse tiwiri pafoni n'kutumiza pa WhatsApp kwa mwana. Sipadathe mphindi zisanu, yankho lidabwera: wa nthochi, chifukwa ndi wowala ndipo winayo akuoneka wachikale. Pamenepo ndidayankhula mawu omwe ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndidati, "Zonsezi n'zachikasu basi. Tingotenga womwe wanena mwanayo, ndi iye watumiza ndalama."

Amayi sadayankhe. Adangoti tidikire kaye tisagule lero, ndipo m'minibasi monse sitidayankhulane. Madzulo titadya ndi pomwe adati, "Abambo, ndalama ndi za mwana, sindikukana. Koma iye adzabwera sabata ziwiri n'kubwerera kwawo kuntchito. Inu mumachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa. Amene ndizikhala ndi khomali tsiku lonse ndine." Adanena zoona. Amayi ndi telala, ndipo makina awo osokera amakhala pabalaza pomwepo, pafupi ndi windo.

Usiku umenewo ndidaganiza za mawu anga aja. Pachichewa tili ndi liwu limodzi lokha, chikasu, ndipo timalinena pa mango akupsa, pa duwa la dzungu, pa mpendadzuwa ngakhale pa maso a munthu wodwala. Pakamwa zonsezi n'chimodzi, koma maso amadziwa kuti n'zosiyana. Amayi anga kumudzi ankadziwa bwino zimenezi. Khirisimasi ikayandikira ankayenda mtunda kukakumba dothi kudambo lina lake, kusiya dothi lapafupi, ati lapafupilo likauma pakhoma limatuwa. Ife ana tinkaona ngati dothi ndi dothi. Nditakumbukira zimenezo ndidazindikira kuti mayi a kunyumba akuona chinthu chomwe ine sindikuchiona.

Padalinso nkhani ya ndalama. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo zomangira idakwera kwambiri, ndipo penti sadatsalire. Tidawerengera motere. Pabalaza pathu ndi mamita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi, ndipo khoma ndi lotalika mamita 2.7. Kuzungulira chipinda chonse ndi mamita 18, ndiye kuchulukitsa ndi 2.7 tikupeza masikweya mita pafupifupi 49. Kuchotsapo zitseko ndi mawindo patsala cha m'ma 42. Penti amapakidwa kawiri, kutanthauza masikweya mita 84. Lita imodzi ya penti wamadzi imakwanira masikweya mita pafupifupi 8 kapena 10 pakhoma losalala, koma khoma lokhakhala limamwa wambiri. Choncho pabalaza pokha pankafunika malita oposa 10, ndipo nyumba yonse, kuphatikizapo zipinda zitatu, kolido ndi khitchini, inkafuna mabigiri atatu a malita 20. Wogulitsa uja adatichenjezeratu kuti penti akangosakanizidwa mtundu pamakina sabwezedwa. Ndalama zomwe mwana adatumiza zinkangokwanira kugula kamodzi. Kulakwitsa kukadatanthauza kukhala ndi khoma lolakwikalo zaka zisanu kapena kuposerapo.

Amene adatipulumutsa ndi mmisiri wopaka penti yemwe tidamupeza kudzera kumpingo, bambo wachikulire wosayankhulayankhula. Atamva nkhani yathu adaseka pang'ono n'kunena kuti, "Akuluakulu, kakadi aka n'kochepa kuposa bokosi la machesi, khoma lanu ndi ili. Mukufuna kakadi kakuuzeni za khoma? Kagulenitu lita imodzi ya uyu ndi imodzi ya uyo. Mukataya, mutaya malita awiri, osati 60."

Zidandipweteka kugula penti woyesera, koma ndidamvera. Mmisiriyo adayamba wakhula pakhoma ndi sandipepa n'kupakapo penti woyera woyambira, amene amathandiza kuti simenti isadye mtundu. Adatiuza kuti pulasitala watsopano amafunika kumudikira pafupifupi sabata zinayi asadapakidwe penti, apo ayi penti amatuwa kapena kusupuka, koma wathu adali atauma kale zaka zapitazo. Kenaka adapaka zigamba zinayi, chilichonse mita imodzi mbali zonse. Ziwiri adapaka pakhoma loyang'anizana ndi windo lalikulu, pomwe kuwala kumagwera, ndipo ziwiri zina pakhoma lomwe pali windolo, lomwe limakhala mumthunzi. Pakati pa zigambazo adasiya mpata woyera kuti mitundu isasokonezane m'maso. Adapaka kawiri, n'kutiuza kuti tisaweruze penti ali wamuwisi chifukwa amasintha akauma. "Muwayang'ane masiku anayi," adatero, "m'mawa, masana, madzulo ndi usiku. Musandiimbire foni masikuwo asadakwane."

Chodabwitsa choyamba chidali chakuti onse awiri adaoneka achikasu kwambiri kuposa pakakadi. Mtundu ukakhala pamalo aakulu umakula mphamvu, ndipo chikasu ndiye chimanyanya. Wa majarini, yemwe pakakadi ankaoneka ngati woyera wongodetsedwa pang'ono, pakhoma adali wachikasu weniweni. Wa nthochi ndiye ankachita kuitana munthu ali pakhomo. Woyandikana nafe nyumba atasuzumira adandifunsa moseka ngati ndalowa UDF, poti chikasu chowala kuno kwathu chimakumbutsa anthu nsalu za chipani chimenecho. Tidaseka, koma mumtima ndidaganiza kuti zikadakhala bwanji makoma onse anayi atavala mtundu umenewo.

M'mawa cha m'ma 7 koloko, kuwala kukadali kofewa, mitundu iwiriyi inkayandikana kwambiri, moti ndidatsala pang'ono kunena kuti ndimanena ine. Kusiyana kudayamba kuoneka dzuwa litakwera. Windo lalikulu la pabalaza pathu lidayang'ana kumpoto. Dziko lathu lili kummwera kwa equator, ndipo kuno ku Lilongwe, kuyambira chapakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala, dzuwa la masana limadutsa chakumpoto. M'miyezi yotsalayo limapendekera pang'ono kummwera. Ndiye kuti kwa miyezi yoposa isanu ndi itatu pachaka windo limeneli limalandira kuwala kwambiri. Pofika 11 koloko chigamba cha wa nthochi choyang'anizana ndi windo chinkathobwa m'maso. Amayi adayesa kusoka atakhala moyang'ana chigambacho, ndipo pasadathe ola adatembenuza mpando. Wa majarini pamalo omwewo adangowala bwinobwino osalasa m'maso.

Chigamba cha mumthunzi chidatiphunzitsa china. Kunja kwa windolo kuli mtengo wa mango womwe tidaupeza pa puloti. Kuwala kukadutsa m'masamba ake kapena kunjanja pa iwo kumalowa m'nyumba kutatenga kubiriwira. Wa nthochi, yemwe ali kale ndi kubiriwira pang'ono mkati mwake, adasanduka ngati ndimu yosapsa. Wa majarini ali ndi kufiirira pang'ono mkati mwake, ndipo kubiriwira kwa mtengo kudangomufatsitsa. Mmisiri adatifotokozera pambuyo pake kuti apa ndiye pagona kusiyana kwa mitundu iwiri yooneka yofanana. Chikasu china chimatsamira kobiriwira, china chimatsamira kofiira, ndipo pakakadi kakang'ono pansi pa magetsi a m'shopu kutsamirako sikuoneka. Njira yachidule yoonera, adatero, ndi kuika kakadi pa pepala loyera n'kutuluka nako panja.

Pansi ponso padali ndi mawu ake. Pabalaza pathu ndi simenti yofiira yomwe amayi amaipukuta ndi polishi Loweruka lililonse. Dzuwa likagunda pansipo, kufiira kumakwera kumunsi kwa khoma. Wa majarini adagwirizana nako, ngati dothi ndi udzu wouma wa m'chilimwe. Wa nthochi ankaoneka ngati mitundu iwiri, kumunsi kofiirira, kumtunda kobiriwirira. Tikadakhala ndi matailosi oyera kapena simenti yotuwa, mwina nkhani ikadakhala ina.

Usiku zinthu zidatembenuka pang'ono. Mababu a LED omwe tidali nawo adali oyera mbee, aja amalembedwa 6500K pabokosi. Kuwala kwa mababu otere kumapendekera ku mtundu wa buluu. Pansi pake wa nthochi adaoneka wozizira komanso wobiriwirira, ndipo wa majarini adatuwa, kuoneka ngati khoma lakale lofunika kutsuka. Apa ndidadandaula, poti usiku ndi nthawi yomwe ine ndimakhala pakhomo. Mawa lake ndidagula babu limodzi lolembedwa 3000K, lomwe kuwala kwake n'kofunda ngati kwa mababu akale aja. Wa majarini adatsitsimuka nthawi yomweyo. Wa nthochi nayenso adakongola, kubiriwira kuja kudachepa. Ndidaphunzira kuti posankha penti munthu akusankhanso mababu, ndipo kusintha babu n'kotchipa kuposa kusintha penti.

Tsiku lachitatu magetsi adazima, monga zimachitikira, ndipo tidayatsa kanyali kathu ka sola. Kuwala kwa tinyali timeneti n'koyera kopendekera ku buluu. Apa wa nthochi adapambana pa chinthu chimodzi: chigamba chake chinkabweza kuwala kochuluka, moti ngodya yomwe chidali inkaoneka yowalirapo. Pa makadi ena a penti pamalembedwa nambala yotchedwa LRV, yoyambira 0 kufika 100, yosonyeza kuchuluka kwa kuwala komwe mtundu umabweza. Nambala ikakhala yaikulu, chipinda chimawalanso kwambiri. Kwa anthu okhala ndi zipinda zamdima kapena odalira tinyali, nambala imeneyi ndi yofunika kuifunsa. Titayatsa kandulo, mitundu yonse iwiri idangofanana, ndipo amayi adaseka n'kunena kuti maso anga aja ndi a kandulo.

Masiku anayi atakwana, ine ndi amayi tidali titagwirizana kuti pabalaza pakuyenera wa majarini. Vuto lidatsala kwa mwana. Ndalama zidali zake, chinkhoswe chidali chake, ndipo kumuuza kuti tasankha zosiyana ndi zomwe adanena kukadamveka ngati tamunyoza. Ndidayesa kumutumizira zithunzi za zigambazo, koma zidangosokoneza. Kamera ya foni imadzikonzera yokha mitundu malinga ndi kuwala komwe yapeza, ndipo foni iliyonse imaonetsa mtundu mwa njira yake. Chithunzi chimodzi chomwecho pafoni yanga chinkaoneka chofiirira, pafoni ya amayi chotuwa. Zomwe mwana ankaona ku Johannesburg sizidali zomwe zidali pakhoma pathu.

Adamaliza nkhaniyi ndi amayi ake. Adamuimbira pa vidiyo masana a Lamulungu, n'kuika nsalu yoyera ya diresi lomwe ankasoka pafupi ndi chigamba chilichonse. Pafupi ndi wa nthochi nsaluyo idatenga kubiriwira, ndipo ngakhale pafoni zidaoneka. "Mwanangu," adatero amayi, "kasitomala akabwera kudzayesa diresi lake muno, aziona ngati ndamusinthira nsalu." Mwana adakhala chete pang'ono, kenaka adanena chomwe sadatiuzepo. Adati adasankha wowala uja chifukwa amakumbukira nyumba ya lendi yomwe adakuliramo, ya windo limodzi, momwe ankawerengera mayeso a Fomu 4 atakhala pakhonde chifukwa m'kati mudali mdima. Ankangofuna kuti makolo ake asadzakhalenso mumdima. Amayi adatembenuza foni kumuonetsa windo ndi dzuwa lomwe lidali litadzaza pabalaza. Pamenepo mwana adati, "Amama, pakani womwe mwaukondawo."

Wa nthochi sitidamutaye. Kolido yathu ilibe windo, ndipo khitchini idayang'ana kumadzulo, kopanda mtengo, pansi pake ndi simenti yotuwa. Mmisiri adayesa penti wotsala uja m'malo amenewa, ndipo adakhala bwino kwambiri. M'kolido adachotsa mdima, ndipo m'khitchini dzuwa la madzulo, lomwe ndi lofiirira, limamufewetsa. Pamapeto tidagula mabigiri awiri a wa majarini ndi limodzi la wa nthochi. Mmisiri adasakaniza mabigiri awiri aja pamodzi asadayambe kupaka, ati ngakhale nambala ikhale imodzi, bigiri ndi bigiri zimatha kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumadzaonekera pakati pa khoma. Adatiuzanso kulemba nambala za mitundu yonse iwiri kuseri kwa chitseko cha sitolo, kuti tsiku lofuna kukonza pomwe pakalika tisadzadalire kukumbukira.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndidachidziwa mochedwa ndipo ndikufuna owerenga achidziwe asadagule. Makoma tidapaka penti wamadzi, uja amati PVA, koma poyamba ndinkafuna kuti kumunsi kwa kolido tipake wamafuta wonyezimira wa chikasu chomwecho, poti savuta kupukuta ana akadetsa. Mwana wathu wachiwiri, yemwe adaphunzira za umoyo, adandiletsa kugula mwachimbulimbuli. Kwa zaka zambiri, mtundu wachikasu, wofiira ndi wa lalanje mu penti wamafuta unkachokera ku mankhwala okhala ndi mtovu, monga lead chromate, ndipo m'maiko ambiri penti wotere adapezekabe m'mashopu mpaka zaka zaposachedwa. Bungwe la World Health Organization limachenjeza kuti mtovu umaononga ubongo wa ana aang'ono, ndipo palibe mlingo wake womwe ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Penti akakalamba n'kuyamba kusupuka, ana amadya tizidutswa take kapena fumbi lake kudzera m'manja. Malire omwe mabungwe a United Nations amalimbikitsa maiko kutsata ndi magawo 90 pa miliyoni. Penti wamadzi kawirikawiri saikidwa mtovu. Choncho ngati mukugula wamafuta, makamaka wachikasu, werengani pachitini ndipo funsani ngati alibe mtovu. Ife, poganizira zidzukulu zomwe zimakwawa m'kolido imeneyi, tidasankha wamadzi wotheka kupukuta.

Kwa amene afika pa siteji yopaka penti, malangizo anga ndi ochepa. Musagule mabigiri tsiku lomwe mwaona kakadi. Gulani kaye pang'ono, pakani zigamba zazikulu pamakoma awiri osiyana, ndipo ziyang'aneni masiku angapo ndi dzuwa, ndi babu lomwe muzigwiritsa ntchito, komanso ndi nyali yomwe mumayatsa magetsi akazima. Yang'anani zomwe zili pansi ndi zomwe zili kunja kwa windo. Mukakayika pakati pa chikasu chiwiri, dziwani kuti pakhoma onse adzakula mphamvu, choncho wofatsayo ndiye sakhumudwitsa kawirikawiri. Ngati ndalama zachokera kwa mwana kapena mbale wakunja, muthokozeni, mumve chifukwa chomwe akufunira mtundu wakutiwakuti, koma mawu omaliza akhale a munthu amene amaswera m'chipindamo. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo ine ndikadadya la malita 60.

Chinkhoswe chidachitika mu Okutobala monga tidakonzera. Mwana adafika kutatsala masiku asanu, ndipo atalowa pabalaza adaima kaye ndi chikwama m'manja, kuyang'ana makoma. Kenaka adapita kukolido, n'kubwereranso pabalaza, n'kunena kuti pafoni sizinkaoneka chonchi. Pa tsiku la mwambo, azakhali ena a kuchimuna adayendera nyumba yonse n'kuyamikira kuti tidachita bwino kupaka mtundu umodzi paliponse. Ndidatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere za majarini ndi nthochi, koma amayi adandigwira pamkono n'kuwauza alendowo kuti zikomo kwambiri.